Muli Pati, a Waino?

M'sitolo ya nyambo ya a Gordy mbaula inkatha kuzima, khofi n'kutha m'ketulo, koma kawailesi komvera mauthenga a apolisi sikankatseka pakamwa. Kanali pamwamba pa thanki ya tinsomba ta nyambo, ndipo kankalankhula tsiku lonse ngati mlamu wosadziwa kutsanzika. Galimoto ikagwera m'ngalande, kapena nkhalamba ikaterereka m'bafa, asodzi a pabenchi ankaimva nkhaniyo ambulansi isanalizidwe n'komwe. Musawayese amiseche. Theka la iwo linali m'gulu la ozimitsa moto ongodzipereka, choncho kumvetsera za eni inali ntchito yotumikira dziko.

Chaka chimenecho nyanja yathu, kuno kumpoto kwa Minnesota, inauma msanga. Pofika Januwale ayezi anali atalimba moti mapikapu ankathamangapo ngati pa tala, ndipo tinyumba ta asodzi tinali titamera ponseponse ngati bowa. Aliyense anali ndi dzenje lake loboola pa ayezi, ndipo aliyense ankabwerako ndi tinsomba toti ukapatsa mphaka amakuyang'ana ngati wamutukwana. Aliyense kupatula a Waino Niemela.

A Waino anapuma pantchito yoyeza malire a minda. Moyo wawo wonse boma linkawalipira kuti azinena molondola pamene chinthu chili, ndipo zikuoneka kuti choonadi chonse chimene anabadwa nacho anachithera kumeneko. Pa nkhani ya nsomba analibenso chotsala. Ankafika pasitolo ndi ndowa yoti michira ili lende kunja, n'kuikhazika pasikelo modzichepetsa ngati chopereka cha kutchalitchi.

"Lero mwazipha pati, madala?" wina ankafunsa.

"Kumwala wa Wansembe."

"Dzana unati Kuchilumba, iwe," a Gordy ankatero, maso ali pasikelo.

"Nsomba zimasamuka, aise. Sizilipira lendi."

Tisawasenzetse mlandu wa mudzi wonse. Kwathu kuno msodzi wonena zoona za dzenje lake timamuona ngati munthu wovula pagulu. Kunama pa nkhani imeneyi ndi ulemu, ndipo wofunsayo amayembekezera kunamizidwa mwaluso. Kungoti a Waino anapitiriza muyezo. Akamapita kum'mawa ankanyamuka molowera kumadzulo. Mizere ya njinga yawo ya pachipale ankaifufuta ndi nthambi ya paini, ndipo tenti yawo inali yoyera kuti isaoneke patali. Anakananso kutaya kafoni kawo kakale kopinda, atamva kuti mafoni atsopanowa amaulula pamene mwini wake waima. Ngakhale akazi awo, a Marlys, ankangodziwa kuti bambo ali panyanja, ndipo anali atanena kale kuti tsiku limene adzamire sipadzafunika bokosi, pakuti mtembo wa munthu wosadziwika kolowera sautola.

M'mawa wa Loweruka lina, Brent Haugen anaimika pikapu yake panja pa sitolo. Brent anali chimunthu cha mapewa ngati chitseko cha galaja, ndipo ndiye ankalambula chipale pamsewu wa panyanja. Popanda iye palibe akanafika padzenje lake osamira m'chipale mpaka m'chiuno. Mkazi wake Janelle, amene ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, anatsika m'galimotomo n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kutauni. Brent anamutsatira, n'kumugwira pakolala ya jekete, n'kumubwezera m'galimoto ngati thumba la mbatata. Zonsezi zinachitika moyang'anana ndi windo lalikulu la sitolo, poyera ngati kanema waulere.

Pabenchi panali amuna okwanira kunyamula pikapu yonseyo ndi manja. Mwadzidzidzi onse anachita chidwi ndi tinsomba ta m'thanki.

"Za m'banja izo," a Gordy anatero, akupukuta kauntala yoyera kale.

"Mtsikanayunso pakamwa ali napo," wina anawonjezera, ndipo nkhani inathera pomwepo. A Waino anagula nyambo zawo, n'kutuluka, n'kulowera kumadzulo.

Dzenje lawo lenileni linali kuseri kwa kamtunda kotchedwa Khosi la Gwape, m'kagombe komwe tauni yonse inkadziwa kuti mulibe nsomba. Mbiri imeneyo anaiyambitsa ndi a Waino omwewo, ndipo ankaithirira chaka ndi chaka ngati dimba. Anafika mozungulira, anaimika tenti, anayatsa kambaula ka gasi, n'kukhala pa ndowa yovundikira, mbedza ili m'madzi. Munthu akamafunsa kuti kumwamba kudzakhala kotani, a Waino anali ndi yankho, kungoti nalonso sakanamuuza.

Dzuwa litapendeka pang'ono, ndowa ina ili pafupi kudzaza, anamva injini. Anasuzumira pakabowo ka tenti poganiza kuti tsiku loopsa lija lafika, adani awapeza. Inali pikapu ya Brent. Inaima chapatali ndithu, mphuno italoza kwina, ndipo a Waino anapumira m'mwamba poona kuti mwini wake sakutsitsa chiboolero. Brent sanabwerere nsomba. Anabwerera chomwe a Waino anabwerera: malo opanda maso.

Chitseko chinatseguka, Janelle n'kugwera pa ayezi chagada. Asanadzuke, Brent anali atazungulira kale galimoto. Mbama yoyamba inamveka mpaka mutenti, chifukwa pa ayezi phokoso limayenda ulendo wautali. Kenako zinali zibakera, kenako nsapato.

A Waino sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chimavutitsa nkhaniyi. Anaganiza zotuluka, koma anakumbukira bondo lawo lachitsulo, anakumbukira zaka zawo, anakumbukiranso mfuti imene aliyense ankadziwa kuti imagona kuseri kwa mpando wa Brent. Ndiye anachita chimene amuna onse a pabenchi aja anali asanachitepo. Anatulutsa kafoni, n'kuimba nambala ya zadzidzidzi.

"Zadzidzidzi, tikuthandizeni chiyani?" Anali mawu a Lorna, mayi wolandira mafoni kupolisi, amene amaimba kwaya limodzi ndi a Marlys.

"Munthu akumenya mkazi wake panyanja pano," a Waino ananong'ona. "Amupha. Ndi Brent Haugen."

"A Waino? Ndinu? Chabwino, musadule. Kafoni kanuko sikakundionetsa kanthu kuno. Muli pati?"

Funso limenelo anali atafunsidwa kambirimbiri, koma linali lisanawapezepo opanda yankho. Anaona m'maganizo kawailesi kaja pamwamba pa thanki. Lorna akangotumiza uthenga kwa wapolisi, mawu akuti Khosi la Gwape agwera m'makutu a benchi lonse, ndipo pabenchipo panalibe chitsiru choti n'kulephera kudzifunsa kuti, kodi amene waona zinthu kugombe lopanda nsomba ndi ndani, nanga iyeyo amatani kumeneko?

Nayi ndagi kwa okonda ndagi: ungamutume bwanji wapolisi kwa munthu amene ali pamaso pako, osamutuma pamene iweyo uli? Munthu wamba akanati sizitheka. Koma a Waino anali munthu wa mapu, ndipo yankho linawafikira losalala ngati samu ya mwana wanzeru. Galimoto iliyonse yochoka panyanja imatulukira pa Doko la Tchalitchi. Wapolisi achokera kutauni, Brent achokera kuno, akakumana padoko. Nkhope ya Janelle ikadzinenera yokha. Mkazi apulumuka, chilombo chigwidwa, nsomba zikhala pamtendere. Woluza palibe.

"Pa Doko la Tchalitchi," anatero.

"Mukuwaona panopa?"

"Ndi maso angawa. Ndaima pafupi ndi chimbudzi cha padoko." Bodza labwino limafuna zokometsera, ndipo lilime linangochita zimene linazolowera. "Fulumirani, mayi."

Samuyo inali ndi chilema chimodzi. Inawerengera kuti Brent ndi munthu wobwerera ndi zimene wabwera nazo. Atatopa, Brent anapukuta manja pathalauza, anakwera galimoto yekha, n'kuyatsa injini. Jekete ya Janelle inapita nawo, pamodzi ndi jombo imodzi imene inavuka polimbana pachitseko. Pikapu inazimiririka kuseri kwa kamtunda, ikupita kukakumana ndi wapolisi ndendende monga mapu ananenera.

Panyanja panangoti zii. Janelle anali kanthu kakuda pakati pa dziko loyera, atavala juzi yokha, phazi limodzi lili ndi sokosi basi. Chisanu cha tsikulo chinali chija chomata tsitsi la m'mphuno.

Apa a Waino anachita chinthu chimene pambuyo pake sanathe kuchifotokoza bwino kwa aliyense. Anadikira. Anati mwina Brent abwerera kudzamutenga, samu n'kukhalanso bwino. Anati mwina mtsikanayo adzuka yekha n'kumapita osaiona tenti. Anadikira nthawi yoti munthu n'kuphika khofi, kumuziziritsa, n'kumumwa. Janelle anayesa kudzuka, n'kugwanso, ndipo ulendo uno sanagwedezeke. Pamenepo m'pamene a Waino anatsegula zipi.

Anamukweza pakangolo kokokera katundu, n'kumukokera mutenti akutsimphina. Anamufunda jekete yawo, phazi lija n'kulikulunga m'chipewa chawo chaubweya. Kutentha kwa mbaula kutamufika, Janelle anatsegula diso limodzi. Linalo linali litatupa n'kutsekeka.

"Bambo Niemela? Mwachokera kuti?"

"Ndimangodutsa, mwanawe."

Diso lija linayenda pang'onopang'ono, kuchoka pambaula, kupita padzenje, kukafika pandowa. "Mumangodutsa ndi mbaula yoyaka."

A Waino anaona magazi akutuluka m'khutu mwake, anamva mmene mawu ake ankalemerera, ndipo anadziwa kuti munthu wotere sungamukhazike panjinga n'kumuuza kuti gwiritsa. Pafunika ambulansi, ndi anthu a machira. Komabe mutu wa munthu wa mapu sugona.

"Tamvera, mwanawe. Ambulansi ndiitana ndithu. Koma bwanji ndikukokere kaye pang'ono, tizungulire kamtundaka, tikafike pamsewu waukulu? Kumeneko sangavutike kutipeza."

"Mukufuna mundisunthe," Janelle anatero, liwu limodzilimodzi, "kuti asaone nsomba zanu."

"Ine sindinatero."

"Amuna a tauni ino. Uja amabisa mikwingwirima, inu mumabisa michira." Anayesa kuseka koma nthiti zinakana. Kenako anasanza, mutu n'kugwera kumbali.

A Waino anaimbanso.

"Lorna, ndine."

"A Waino! Muli kuti kodi inu? Wapolisi wazungulira doko lonse, mpaka wagogoda pachimbudzi. Brent wamupeza, ali yekha, akumwa khofi wa m'fulasiki. Akuti mkazi wake ali kwa mchemwali wake. Panalibe chomugwirira, wamusiya wapita."

"Mkaziyo ndili naye pano. Wavulala koopsa, akukomoka."

"Pati?"

A Waino anatsegula pakamwa. Mawuwo anali atakhalitsa m'mimba moti anachita dzimbiri, ndipo anatuluka mokhula pakhosi. "Kuseri kwa Khosi la Gwape."

Lorna sanakhulupirire.

"A Waino, ine si mwamuna wanga. Dale munamuuza za Kumwala wa Wansembe, anawedzako sabata yathunthu, chimene anabwera nacho ndi chimfine. Ambulansi ndili nayo imodzi. Ndikaitumiza kum'mawa inu muli kumadzulo, munthu afa, ndipo afera m'manja mwanga. Ndikufunsanso. Muli pati?"

"Khosi la Gwape! Ndalumbira!"

"Padoko paja munaonanso ndi maso anuwo. Ku Gwape kulibe nsomba, ndi mwana yemwe amadziwa. Inuyo mungakatani kumeneko?"

"Ziliko, mayi inu! Ziliko zambirimbiri!" A Waino anakuwa mpaka tenti inanjenjemera. Ndipo pakamwa patatseguka sipanatsekekenso. Anamuuza za kasupe wa pansi pa madzi, za mwala umene nsomba zimabisalako, za mtengo wopsa ndi mphezi umene umayenera kuyang'anana ndi nsonga ya kamtunda. Anaulula ngakhale nyambo imene sanafunsidwe.

"Mundipatse mwiniwake," Lorna anatero.

A Waino anaika kafoni pakhutu losatuluka magazi, n'kumugwedeza Janelle paphewa.

"Lorna," Janelle anatero movutikira. "Akunena zoona. Ndowa yadzaza."

Posakhalitsa kawailesi ka pathanki kanalengeza, m'mawu omveka bwino ngati a pa guwa, kuti ozimitsa moto athamangire kuseri kwa Khosi la Gwape, moyang'anana ndi mtengo wopsa ndi mphezi, pa tenti yoyera ya a Waino Niemela.

Mbiri ya gulu lathu la ozimitsa moto ilibe tsiku lina limene anthu anafika msanga chotero. Nkhokwe ya udzu ikapsa amabwera ochepa, enawo amati sanamve. Tsiku limeneli anabwera onse, pamodzi ndi opuma pantchito, ndi ena oti sanalembetsepo n'komwe. Tinene zoona, ntchito anaigwira bwino. Anamumanga khosi, anamufunda mabulangete, anamunyamula mosamala ngati dzira. Kungoti aliyense podutsa pandowa ija mwendo unkachedwa. Wina anagwada kumanga zingwe za jombo zopanda zingwe, diso lili kumtengo wopsa. A Gordy anaima pamwamba pa dzenje, anavula chipewa ngati ali kumanda, n'kupukusa mutu.

"Kumwala wa Wansembe, eti, aise?"

Akumutulutsa pamachira, Janelle anatsegulanso diso lija n'kuona nkhope zonse za pabenchi zitamuzungulira.

"Akuluakulu, mwabwera?" anatero. "M'mawa muja ndimayesa windo lachita nthunzi."

Panalibe thanki yoti n'kuyang'anamo, ndiye onse anayang'ana nsapato zawo.

Kuchipatala anapeza chigaza chong'aluka pang'ono, nthiti zothyoka, ndi phazi loti chisanu chinali chitalowa kale mpaka m'kati. Mutu unachira, nthiti zinalumikizana, koma zala ziwiri za kuphazi anazidula. Dokotala anati akanafika naye msangako zikanapulumuka. Brent, amene anamva uthenga wachiwiri uja pa wailesi ya m'galimoto mwake, anali atawoloka kale malire kupita kudera loyandikana nalo la North Dakota, ndipo apolisi anavutika kumusaka mpaka anakamupeza kwa msuweni wake. Masiku onsewo Janelle ankadzidzimuka chitseko cha wodi chikangotseguka.

Ku Khosi la Gwape kunamera mudzi. Amuna omwe ankadandaula kuti Brent atachoka palibe wolambula msewu, anaulambula okha, wowongoka ngati wa ndege, mpaka pamtengo wopsa. Kunabwera tinyumba, majenereta, agalu, ndi mayi wina wogulitsa masoseji. A Waino anapitako kamodzi, anasowa poimika njinga, n'kubwerera.

Kunyumba sikunalinso kothawira. A Marlys anamva nkhani yonse kukwaya, ndipo anaimva m'mawu anayi, kuyambira soprano mpaka besi.

"Ndiye mwana wa eni ake wataya zala chifukwa cha ndiwo?"

"Ine ndi amene ndinaimba foni, mayi. Ena onse aja anangoyang'ana."

"Munaimba, eya. Munaitana ozimitsa moto n'kuwalozera nyumba ya aneba." Anatsegula firiji, anatulutsa nsomba zonse zimene zinali m'menemo, n'kukazipereka kunyumba yosungirako okalamba. Nyengo yonse yotsalayo a Waino anadya makaroni.

Chinawatsalira chinali chimodzi, ndipo ankachigwira ngati ndodo: iwo ndiwo anali mboni yoona ndi maso. Loya wa boma anali atauza Janelle kuti pakakhala mboni yotere, woimbidwa mlandu nthawi zambiri amangovomera, ndipo womenyedwayo safunika kukaima pamaso pake n'kufotokoza zonse pagulu. Janelle anagona tulo pa lonjezo limenelo. Koma mafoni a kupolisi amajambulidwa, ndipo loya wa Brent atamvetsera foni yoyamba ija anauza munthu wake kuti asavomere kanthu.

Tsiku la mlandu a Waino anavala suti ya maliro ndi ukwati. M'khoti munadzaza, benchi lonse la kwa a Gordy lili kumbuyo. Anafotokoza bwinobwino za pikapu, za mbama, za nsapato. Kenako loya wa Brent, kamunthu kofatsa ka mawu a m'busa, kanaimirira n'kuyatsa makina. Mawu a a Waino anadzaza chipinda chonse: "Ndi maso angawa. Ndaima pafupi ndi chimbudzi cha padoko."

"Mawuwa ndi anu, Bambo Niemela?"

"Ndi anga."

"Munali pafupi ndi chimbudzi?"

"Ayi."

"Munali padoko?"

"Ayi, koma ndinawerengera kuti..."

"Tingoti ayi. Ndiye maso amene anaona chimbudzi chomwe panalibe, ndi omwewo amene anaona zibakera?"

"Zibakerazo zinalipo, bwana."

"Mwatero. Tandiuzeni, chiyambireni kuwedza panyanja imeneyi, munayamba mwauzapo munthu zoona za pamene munali?"

Kumbuyo kunamveka kuseka kobisa. Ngakhale mmodzi wa anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu anagwira pakamwa, pakuti naye anadwalapo chimfine cha Kumwala wa Wansembe.

"Ndi mwambo wathu, bwana," a Waino anatero motsitsa. "Za maenje sitinena."

"Ndipo mwambo umenewu munaulemekeza mkazi akumenyedwa, monga mukunenera, pamaso panu. Mwina munali otanganidwa ndi mbedza moti simunaone bwino amene anali m'galimotomo? Zikomo, ndilibenso funso."

Umboni wa a Waino unatsika pamenepo wopanda ntchito ngati mchere wogwera m'nyanja. Ndiye Janelle anayenera kuimirira yekha. Anayenda ndi ndodo mpaka kutsogolo, n'kukhala moyang'anana ndi Brent, amene sanachotse diso pa iye. Anafotokoza za tsikulo, ndi za masiku ena ambiri a m'mbuyo, tauni yonse ikumva. Loya wofatsa uja anamufunsa masana onse ngati amamwa, ngati sanaterereke yekha pa ayezi, ndi chifukwa chimene sanachokere kale ngati zinalidi choncho. Anayankha mafunso onse, mawu osaduka. Brent anapita kundende chifukwa cha mawu a Janelle ndi zithunzi za dokotala.

Anthu akutuluka, a Waino anamudikira pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Mwanawe, ine tsiku lija ndimafuna..."

"Ndikudziwa zimene mumafuna, bambo. Mumafuna zonse." Janelle anasinthira ndodo kudzanja lina. Nkhope yake inali yotopa, koma yosakwiya. "M'zaka zonsezi, ndinu nokha amene munaimbapo foni. Chimenecho sindidzaiwala. Chinacho sindidzaiwalanso. Ndimachiona m'mawa uliwonse ndikamavala sokosi."

Anatsika masitepe limodzilimodzi, mchemwali wake atamugwira pamkono, osacheukanso.

A Waino anatsala pakhondepo akupinda chipewa. Akanasankha nsomba, akanakhala ngati anzawo a pabenchi, amantha koma odya bwino. Akanasankha munthu, akanataya dzenje n'kutsala ndi dzina, Janelle n'kutsala ndi zala zake. Iwo anathamangira uku, n'kuthamangiranso uko, mvula n'kuwapeza pakati, ndipo chowawa n'chakuti amene ananyowa kwambiri sanali iwo. Akale anaiona kale ndagi imeneyi, n'kuimasula m'mawu atatu: mapanga awiri avumbwitsa.